Mkate ndi vinyo wa pa Mgonero: thupi ndi magazi enieni, kapena chizindikiro?

Amene akufuna kudziwa zimene mpingo umakhulupirira pa Mgonero wa Ambuye asathamangire kutuluka mapemphero akatha. Atsalire pang'ono, aone chimene chichitike ndi mkate wotsala. M'tchalitchi cha Katolika, anthu akamaliza kulandira, wansembe amasonkhanitsa hostia (timikate topyapyala ta pa Misa) zotsala m'chikho chovindikira n'kuzitsekera ndi kiyi m'tabernakulo, kabokosi kapadera kosungiramo hostiazo. Tinyenyeswa ta m'mbale amatipukutira m'chikho, n'kuthiramo madzi, n'kumwa. Pafupi ndi tabernakulo pamayaka nyali usana ndi usiku, ndipo wodutsa pamenepo amapinda bondo. M'mipingo yambiri ya Chipresibiteriya ndi ya Baptist, akulu a mpingo amavindikira mbale ndi nsalu yoyera n'kupita nazo kuchipinda. Mkate wotsala amaudya kapena kuusamala mwaulemu, timakapu n'kutsukidwa, koma palibe amene amaugwadira. Magulu onsewa ndi a anthu oopa Mulungu, ndipo onse angomva kumene mawu amodzimodzi: "Ili ndi thupi langa."

Mkangano wonse wagona pa kamawu kakuti "ndi". Mawu a Yesu usiku umene anaperekedwa alembedwa malo anayi: Mateyu 26, Marko 14, Luka 22 ndi 1 Akorinto 11. M'Chigiriki chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, kamawuka ndi estin, ndipo kamagwira ntchito ngati "ndi" wathu wa m'Chichewa. Munthu akaloza mwana n'kunena kuti "uyu ndi mwana wanga", akunena za mwana weniweni. Akaloza chithunzi chapakhoma n'kunena kuti "awa ndi agogo anga", palibe amene amaganiza kuti pepalalo lasanduka agogo. Galamala payokha singathetse nkhaniyi, n'chifukwa chake mbali iliyonse imafunafuna mboni m'malo ena a m'Baibulo.

Amene amati mkate ndi thupi lenileni amatsegula Yohane 6. Kumeneko Yesu akuti thupi lake ndi chakudya ndithu, magazi ake ndi chakumwa ndithu, ndipo kuyambira ndime 54 mlembi akugwiritsa ntchito mawu a Chigiriki otanthauza kutafuna. Ophunzira ambiri atanyansidwa n'kumusiya, monga ndime 66 ikunenera, Yesu sanawaitane kuti awafotokozere kuti amangophiphiritsa. Amawonjezera 1 Akorinto 11:27 mpaka 29, pamene Paulo akuti wodya mosayenera adzakhala wochimwira thupi ndi magazi a Ambuye, ndi 1 Akorinto 10:16, pamene akuti mkate umene tiunyema ndi chiyanjano cha thupi la Khristu. Funso lawo n'lakuti, munthu angachimwire bwanji thupi la Ambuye pa chinthu chimene chili chizindikiro chabe?

Enawo nawo ali ndi mboni zawo. Yesu yemweyo anati "Ine ndine khomo" ndiponso "Ine ndine mpesa weniweni". Yosefe anauza Farao kuti ng'ombe zisanu ndi ziwiri "ndi" zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Luka 22:20 Yesu akuti chikho ndi pangano latsopano, koma aliyense amadziwa kuti chikho chomwera si pangano. M'mutu womwewo wa Yohane 6, ndime 63 ikuti wopatsa moyo ndi Mzimu, thupi silipindula kanthu. Ndiponso pamene Yesu ankanyema mkatewo, thupi lake linali pompo patebulo, ophunzira akuliona, ndipo lamulo limene anasiya linali lakuti "chitani ichi chikhale chikumbutso changa".

Mmene nkhaniyi inakulira

Akhristu a m'zaka zoyambirira ankalankhula za mkatewo molimba mtima ngati thupi la Khristu. Ignatius wa ku Antiokeya, cha m'ma 110, anadzudzula anthu ena amene ankapewa Ukaristia, ndiye kuti Mgonero wa Ambuye, chifukwa sankavomereza kuti ndi thupi la Mpulumutsi. Justin Martyr, cha m'ma 150, analemba kuti Akhristu salandira zimenezi ngati mkate wamba kapena chakumwa wamba. Koma olemba akale omwewo, makamaka Augustine, ankagwiritsanso ntchito mawu akuti chizindikiro ndi chifanizo osaona kuti akudzitsutsa. Kwa iwo chizindikiro chinkanyamula chimene chikuimiracho. Ichi n'chifukwa chake mpaka lero Mkatolika ndi Mpresibiteriya onse amatha kutchula Augustine ngati mboni yawo.

Kukangana poyera kunayamba m'nyumba imodzi ya amonke ku Corbie, m'dziko la France. Cha m'ma 831 Paschasius Radbertus analemba kuti thupi la pa guwa ndi lomwelo linabadwa mwa Maria. Mmonke mnzake, Ratramnus, anayankha kuti Khristu alipo ndithu koma mwauzimu ndi mophiphiritsa. Patapita zaka zoposa 200, mphunzitsi wina, Berengar wa ku Tours, anakana kuti mkate umasintha, ndipo anamukakamiza kusaina chivomerezo ku Rome mu 1059, kenako mu 1079. Mu 1215 msonkhano wachinayi wa maepiskopi wa ku Lateran, mumzinda wa Rome, unagwiritsa ntchito mawu amene Akatolika akuphunzitsa mpaka lero, otchedwa transubstantiation, kutanthauza kusandulika kwa mkate ndi vinyo kukhala thupi ndi magazi a Khristu, ndipo Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, ndiye anawafotokoza mwatsatanetsatane potengera nzeru za Aristotle.

Apa n'pofunika kuima, chifukwa anthu ambiri otsutsa chiphunzitsochi, ndi ena ochivomereza omwe, amachimva molakwika. Chiphunzitsochi chimasiyanitsa zinthu ziwiri: chimene chinthu chili, ndi mmene chinthucho chimaonekera, kukomera, kulemera ndi kununkhira. Wansembe akanena mawu a Yesu pa Misa, chimene mkate uli chimasanduka thupi la Khristu, chimene vinyo ali chimasanduka magazi ake, koma maonekedwe onse amatsala momwe analili. Ndiye kuti hostia yodalitsidwa ikapimidwa ndi makina ipezeka kuti ndi tirigu, ndipo Mpingo wa Katolika suyembekezera kuti ipezeke china. Vinyo wodalitsidwa akhoza kuledzeretsa. Munthu amene thupi lake limadana ndi tirigu adzadwalabe. Chiphunzitsochi sichinena kuti wolandira akutafuna mnofu ngati wa pamoto. Chimanena kuti Khristu wouka kwa akufa, yense wathunthu, alipo pansi pa maonekedwe amenewo, ngakhale m'kachidutswa kakang'ono, ndiponso kuti amakhalapo mpaka maonekedwe a mkatewo atatha. N'zimene zimachititsa kuti pakhale tabernakulo, nyali, kupembedza Sakramenti Loyera, ndi chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Khristu chimene Papa Urban IV anakhazikitsa mu 1264.

Kuchokera pa mfundo yakuti Khristu yense ali mu mkate, panabwera chizolowezi chopatsa anthu wamba mkate wokha, chikho n'kukhala cha wansembe. Msonkhano wa ku Constance unalimbikitsa zimenezi mu 1415, chaka chomwe unaweruza Jan Hus, mlaliki wa ku Bohemia, iye n'kutenthedwa, ndipo kwawoko otsatira ake, amene ankafuna kuti anthu wamba azimwanso m'chikho, anamenya nkhondo chikho chili chizindikiro chawo.

Tebulo la ku Marburg

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhaniyi ili pakati pa Akatolika ndi Achiprotestanti. Koma kugawikana kowawa kwambiri kunachitika pakati pa Achiprotestanti okhaokha. Martin Luther mu 1520 anakana kafotokozedwe ka Aquinas, koma sanakane kuti thupi la Khristu lilipo. Iye ankati mkate umakhalabe mkate ndipo thupi la Khristu limakhala momwemo, monga chitsulo chofiira m'ng'anjo chimakhala chitsulo ndi moto nthawi imodzi. Kwa Luther, ngakhale wosakhulupirira amalandira thupilo pakamwa, kungoti amalilandira modzitengera chiweruzo.

Ku Zurich, Huldrych Zwingli anaphunzitsa kuti "ndi" akutanthauza "akuimira". Mfundo yake yaikulu inali pa kukwera kumwamba: thupi la Yesu ndi thupi la munthu weniweni, ndipo thupi la munthu limakhala malo amodzi. Ngati lili kudzanja lamanja la Atate, silingakhalenso pa maguwa zikwizikwi. Luther anayankha kuti dzanja lamanja la Mulungu si malo ngati mpando, koma mphamvu yake imene ili ponseponse. Choncho mkangano wa mkate unasanduka mkangano wa momwe umulungu ndi umunthu wa Khristu zimakhalira pamodzi.

Mu Okutobala 1529 Philip, wolamulira dera la Hesse ku Germany, anawaitana onse awiri kunyumba yake yachifumu ku Marburg, pofuna kuti Achiprotestanti agwirizane. Luther analemba ndi choko patebulo mawu a Chilatini akuti "Ili ndi thupi langa" ndipo sanasunthepo. Anagwirizana pa mfundo 14 mwa 15, ndiponso pa mbali yaikulu ya mfundo yomalizayo, koma analephera pa funso limodzi, loti kodi thupi la Khristu lili mu mkate ndi vinyo mwathupi. Mipingo ya Lutheran (ya mbali ya Luther) ndi ya Reformed (ya mbali ya Zwingli) ya ku Ulaya inadzagwirizana zodyera limodzi Mgonero mu 1973, pa pangano la ku Leuenberg, patadutsa zaka 444.

John Calvin wa ku Geneva anatsegula njira yachitatu, ndipo imeneyi ndiyo imakhudza kwambiri owerenga ambiri a Chichewa. Anavomerezana ndi Zwingli kuti thupi la Khristu lili kumwamba ndipo mkate susintha. Koma anakana kuti Mgonero ndi kukumbukira chabe. Iye ankati wokhulupirira amadyadi Khristu, moona osati mongoyerekeza, chifukwa Mzimu Woyera amalumikiza zinthu zotalikirana, monga dzuwa limakhala kumwamba koma kutentha kwake n'kufika pambewu za m'munda. Pakamwa pamalandira mkate, chikhulupiriro chimalandira Khristu, ndipo wopanda chikhulupiriro amangodya mkate basi. Zimenezi n'zimene zili m'Katekisma wa Heidelberg wa 1563 ndi m'Chivomerezo cha Westminster cha m'ma 1640. Choncho Mkhristu wa CCAP akamanena kuti "kwathu mkate ndi chizindikiro chabe", akulankhula mochepera kuposa mmene mabuku a chikhulupiriro cha makolo a mpingo wake amalankhulira. Mawu akuti "chabe" amenewo Calvin akanawakana.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent. Mu 1551 unatsimikiza kuti Khristu alipo moona, mwenimweni ndiponso mwathunthu, ndipo mu 1562 unaphunzitsa kuti Misa ndi nsembe. Mfundo yachiwiriyi ndi imene inapweteka kwambiri Achiprotestanti, chifukwa Ahebri 10 imati Khristu anadzipereka kamodzi kokha kwamuyaya. Funso 80 la Katekisma wa Heidelberg limatcha Misa kupembedza mafano kotembereredwa. Akatolika amayankha kuti Misa sibwereza nsembe ya pa mtanda koma imaiika pamaso pa anthu nsembe imodzi yomweyo. Anglican inakhala pakati: Mfundo 28 mwa Mfundo 39 za mpingowo imakana kuti mkate umasandulika, n'kunena kuti thupi limadyedwa mwakumwamba ndi mwauzimu. Komabe amishonale a bungwe la Anglican la UMCA amene anakhazikika ku Likoma mu 1885 anali a mbali ya Anglican yoyandikira kwambiri Chikatolika, n'chifukwa chake Anglican ya kunyanja imadziwika ndi Misa, wansembe ndi kugwada. A Orthodox amakhulupirira kuti mkate ndi vinyo zimasandukadi mwa mphamvu ya Mzimu Woyera, koma sakonda kufotokoza mmene zimachitikira. Amagwiritsa ntchito mkate wotupitsa, amapereka ndi supuni, ndipo amadyetsa ngakhale makanda obatizidwa.

Mmene chiphunzitso chimaonekera m'mbale ndi m'chikho

Ngati mkate udzasanduke thupi la Khristu, ndiye kuti chimene chaikidwa pa guwa chiyenera kukhala chomwe Yesu anagwiritsa ntchito. Malamulo a Mpingo wa Katolika amati mkate ukhale wa tirigu yekha, wophikidwa posachedwa kuti pasakhale chiopsezo choti waonongeka, ndipo m'mwambo wa Chilatini ukhale wopanda chotupitsa. Kuthiramo shuga, uchi kapena zipatso n'koletsedwa. Mkate wa ufa wa chimanga, chinangwa kapena mpunga supanga sakramenti, ngakhale wansembe atanena mawu onse molondola. Vinyo akhale wa mphesa weniweni, wosasasa. Amathiramo madzi pang'ono chabe, chifukwa madzi akachuluka kuposa vinyo sakhalanso vinyo. Hostia zopanda konse gluten, chinthu cha mu tirigu chimene chimadwalitsa anthu ena, n'zosaloledwa, koma zokhala ndi gluten wochepa zimaloledwa kwa odwala, monga kalata ya ku Vatican ya 2017 inakumbutsira. Wansembe amene sangamwe mowa akhoza kupempha chilolezo chogwiritsa ntchito madzi a mphesa amene kuwira kwake kwaimitsidwa, otchedwa mustum.

Zovuta zenizeni zimabwera ndi nyengo. M'dzinja hostia zosungidwa m'chitini chosatseka bwino zimafewa n'kuchita chuku. Vinyo wotsegulidwa n'kusiyidwa m'chipinda chotentha amasanduka viniga, ndipo viniga sapanga sakramenti. N'chifukwa chake malamulo amati hostia za m'tabernakulo zizisinthidwa pafupipafupi, zakale n'kudyedwa. Hostia ikagwa pansi imatoledwa mwaulemu. Chikho chodalitsidwa chikatayika, malowo amawatsuka ndi madzi, ndipo madziwo amawathira m'malo opatulika olowera m'nthaka, osati m'ngalande ya madzi oipa. Wolandira amasala chakudya ola limodzi, kupatula madzi ndi mankhwala, ndipo amene akudziwa kuti ali ndi tchimo lalikulu amayamba wapita kukalapa.

Kumene mkate uli chizindikiro, pali ufulu wochuluka pa zipangizo. Mipingo yambiri imadula buledi wa m'sitolo m'timabenthu. Madzi a mphesa osawira anafala kuchokera mu 1869, pamene Thomas Welch, wa mpingo wa Methodist ku America, anapeza njira yowatenthetsa kuti asawire, pa nthawi imene mipingo inkalimbana kwambiri ndi mowa. Timakapu ta aliyense kakekake tinayamba m'ma 1890 chifukwa choopa matenda. Kuno kwathu, kumene tirigu ndi mphesa sizilimidwa kwambiri ndipo vinyo ndi wodula, mipingo ina imagwiritsa ntchito zakumwa zotsekemera zofiira. Akatswiri ena a zaumulungu a mu Africa akhala akufunsa ngati Yesu akanakhala pakati pa anthu odya nsima sakanatenga chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Ndi funso lolemera, koma lili ndi yankho lolemeranso: Mgonero umaloza ku usiku umodzi weniweni wa Paska mu Yerusalemu, ndipo chizindikiro chikasinthidwa kwambiri chimaleka kuloza kumeneko. A Seventh-day Adventist, ngakhale amati n'zophiphiritsa, salola zilizonse. Amagwiritsa ntchito mkate wopanda chotupitsa ndi madzi a mphesa osawira, amayamba ndi kusambitsana mapazi, ndipo kawirikawiri amachita kamodzi pa miyezi itatu. A Mboni za Yehova amachita Chikumbutso kamodzi pachaka pa tsiku la 14 la mwezi wa Chiyuda wa Nisani, mbale ndi chikho zimadutsa, koma odya ndi ochepa okha amene amadziona kuti ndi odzozedwa.

Pasakhale woganiza kuti amene amati chizindikiro amapeputsa Mgonero. Mwambo wa Chipresibiteriya umene unafika ndi amishonale a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876 ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889 umatchinga tebulo mwamphamvu. Ku Scotland akulu a mpingo ankapereka tizitsulo ngati ndalama kwa okhawo oyenera kudya, ndipo mwambo wa makhadi a Mgonero unachokera pamenepo. Pamakhala mapemphero okonzekera, ndipo chilango chodziwika kwambiri cha mpingo ndi kuimitsidwa Mgonero. Kusiyana kwake n'kwakuti Mkatolika amaika ulemu wake waukulu pa chimene chili m'mbale, pamene Mpresibiteriya amauika pa mtima wa wodyayo ndi pa mpingo wosonkhana. Calvin mwiniwake ankafuna kuti Mgonero uzidyedwa sabata iliyonse, koma akuluakulu a mzinda wa Geneva analamula kanayi pachaka, ndipo chizolowezi chodya patalipatali chinafika mpaka kuno.

Za amene angatsogolere zimachokeranso pa chiphunzitso chomwechi. Kwa Akatolika, wansembe wodzozedwa yekha ndiye angadalitse mkate ndi vinyo. Chiyambire pamene amishonale a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, maparishi akhala aakulu, okhala ndi matchalitchi ambiri a kumidzi. Lamulungu lopanda wansembe, katekisiti kapena mtsogoleri wina amatsogolera mapemphero a Mawu a Mulungu, ndipo ngati pali hostia zimene zinadalitsidwa kale, mtumiki wololedwa akhoza kuzigawa, koma mwambo umenewo si Misa. Mu CCAP namonso mbusa wodzozedwa yekha ndiye amadyetsa Mgonero, koma chifukwa chake ndi dongosolo la mpingo ndi kulumikiza sakramenti ndi ulaliki wa Mawu. Mu 2020, matchalitchi atatsekedwa m'maiko ambiri chifukwa cha Covid-19, kusiyana kumeneku kunaonekera poyera. Mipingo ina inauza anthu kuti atenge buledi ndi chakumwa kunyumba, adye limodzi ndi abusa pa Facebook kapena pa wailesi yakanema. Akatolika ndi a Orthodox sakanatha kutero, chifukwa kwa iwo wansembe ayenera kukhala pamodzi ndi mkatewo.

Malo amene nkhaniyi imapweteka mabanja ndi pa ukwati ndi pa maliro, pamene abale a mipingo yosiyana akhala pabenchi limodzi. Pa Misa ya maliro, m'bale wa CCAP kapena wa Pentekoste sayenera kupita kukalandira. Ambiri amamva ngati akunyozedwa, koma chifukwa chake ndi chakuti wopereka amanena kuti "Thupi la Khristu" ndipo wolandira amayankha kuti "Amen", kuvomereza chiphunzitso chimene mwina iye sachikhulupirira, ndi umodzi wa mpingo umene kulibe. Malamulo a Katolika amalola Mprotestanti kulandira pokhapokha ali pafupi kufa, kapena pa vuto lina lalikulu limene episkopi kapena bungwe la maepiskopi laliona, ndipo akhale kuti sangathe kufikira mtumiki wa mpingo wake, wapempha yekha, akukhulupirira zimene Akatolika amakhulupirira pa sakramentilo, ndiponso wakonzeka mumtima. Mkatolika nayenso saloledwa kudya Mgonero wa mpingo wa Chiprotestanti, ngakhale abusa ataitana okhulupirira onse. Mipingo ya Chiprotestanti imasiyana payokha: ina imalandira aliyense wobatizidwa amene ali ndi mbiri yabwino kumpingo kwake, ina imafuna kuti mlendo aonane kaye ndi akulu a mpingo kapena abweretse kalata, ndipo ina ya Lutheran ndi ya Baptist imadyetsa mamembala ake okha. Mabanja amene akukonza mwambo wophatikiza mipingo iwiri amachita bwino kukambirana ndi wansembe kapena abusa nthawi ikadalipo. Pa ukwati wa Mkatolika ndi Mkhristu wa mpingo wina, mwambo wa Katolika uli ndi dongosolo lodalitsira ukwati popanda Misa, ndipo nthawi zambiri ndi limene amalangiza, kuti mbali imodzi ya banja isatsale pabenchi pamene inayo ikupita kukalandira.